Mwana wanga ali m'chitokosi: ndigulitse makina osokera?

Pakhonde la Khoti: mafunso a owerenga, oyankhidwa ndi bambo amene adagwira ntchito yomasulira m'khoti la majisitireti kwa zaka zambiri.

Zikomo Bambo,

Ndine mayi wamasiye, ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina kuno ku Lilongwe. Mwana wanga wa zaka 22, amene amayendetsa kabaza wa njinga yamoto, adamangidwa Lachinayi madzulo cha m'ma 6 koloko. Nkhani yake ndi foni. Adaigula mwezi watha kwa mnyamata wina pa siteji pamtengo wa K90,000, ndalama zina ndidamuwonjezera ndine. Apolisi akuti foniyo idabedwa m'nyumba ya munthu, ndipo aitsata mpaka kuipeza m'thumba mwa mwana wanga. Wogulitsayo sakuoneka. Lero ndi Lachiwiri, mwanayo akadali m'chitokosi, kukhoti sanapite. Pali bambo wina amene amakhala panja pa polisipo, wandiuza kuti ndipeze K60,000 kuti akonze za belo. Mwana wanganso akuti wina wamuuza kuti akangovomera mlandu amulipiritsa faindi pang'ono n'kubwerera kunyumba, koma akakana akaolera ku rimandi. Ine chuma changa ndi makina osokera okhawa. Ndiwagulitse? Nanga mwanayu avomere?

Mayi wosowa tulo, Lilongwe

Mayi, makinawo musagulitse. Ndi mawu omwe ndidakuuzani pa foni tsiku limene kalata yanu idandipeza, ndipo ndikuwalemba pano kuti amve ndi ena, chifukwa makina, njinga, mbuzi ndi malata ambiri agulitsidwa m'dziko muno pa chinthu chimene lamulo limapereka ulere.

Tiyeni tiyambe tawerenga masiku. Gawo 42 la Malamulo aakulu a dziko lino, omwe tidayamba kuwatsata mu 1994, likuti munthu womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa nthawi imene khoti silikugwira ntchito, apite naye pa tsiku loyamba limene khoti latsegula. Mwana wanu adagwidwa Lachinayi madzulo, maola 48 adakwana Loweruka madzulo, ndiye kuti Lolemba amayenera kukhala ataima pamaso pa woweruza. Gawo lomwelo likuti akalephera kupita naye, amutulutse. Choncho Lachiwiri lija mumalemba kalata, nthawi inali itadutsa kale. Musalimbane ndi wapolisi wa pa kauntala. Pemphani mwaulemu kuti muonane ndi amene akufufuza nkhaniyi kapena mkulu wa polisiyo, mutchule tsiku ndi ola limene mwana adamangidwa, mufunse kuti, "Bwana, mwanayu apita liti kukhoti?" Musapite nokha. Tengani mlongo wanu kapena mkulu wa mpingo, ndipo mukhale ndi kabuku kolembamo masiku ndi zimene mwauzidwa. Fayilo ya munthu amene abale ake amabwera tsiku ndi tsiku siichedwa pansi pa mafayilo ena.

Belo ya ku polisi salipira ngakhale tambala imodzi. Amalemba pepala, womangidwayo ndi womuimira amasaina, amauzidwa tsiku lodzaonekera, basi. Bambo wa panjayo, ngati ndalamayo akufuna kudya yekha, ndi wakuba wamba. Ngati akukagawana ndi wina m'katimo, zimenezo ndi ziphuphu, ndipo lamulo la ziphuphu limagwira wolandira ndi wopereka yemwe. Mungapezeke makina apita, mwana ali momwemo, inunso muli ndi mlandu wanu.

Apolisi akakana belo, mwana wanu akaipemphe yekha kwa woweruza pa tsiku loyambalo. Safunika loya kuti anene kuti, "Ndikupempha belo." Ambiri sapempha chifukwa amaganiza kuti woweruza ayamba yekha. Khoti limayang'ana ngati munthuyo angathawe, angaopseze mboni kapena kusokoneza umboni. Ndiye inu mukhale muli pabenchi tsiku limenelo ndi anthu awiri okhazikika, onyamula ziphaso zawo za unzika, okonzeka kunena kuti mnyamatayu amakhala pakuti, ntchito yake ndi yakuti, ndipo tidzaonetsetsa kuti akubwera. Khoti likhoza kulamula ndalama ya chikole. Imeneyo imaperekedwa ku ofesi ya khoti, osati m'manja mwa munthu pakhonde, imakhala ndi lisiti la boma, ndipo imabwezedwa mlandu ukatha ngati mwanayo sadajombe. Lisitilo mulisunge ngati mmene mumasungira khadi la kusikelo.

Tsopano funso lanu lachiwiri, limene landikhudza kwambiri, chifukwa ndi pamene ndidathera moyo wanga wa ntchito.

Ine ndinkaima pakati pa woweruza ndi woimbidwa mlandu. Mlandu uwerengedwe m'Chingerezi, ine ndiunene m'Chichewa, kenako ndifunse: "Mwaumva mlanduwu? Mukuuvomera kapena mukuukana?" Munthu amene ndikumufunsayo wagona pa simenti masiku anayi, sadasambe, akuona mayi ake akulira kumbuyoko, ndipo chimene akufuna ndi chakuti zonsezi zithe lero lomwe. Yankho lomwe ndidalimva kosawerengeka ndi lakuti, "Ndikuvomera bwana, katunduyo adamupezadi ndi ine." M'mawu amenewa muli zinthu ziwiri zosiyana, ndipo wonenayo sadziwa kuti ndi ziwiri. Kuvomera kuti foni idapezeka m'thumba mwako ndi kwina, kuvomera mlandu ndi kwina. Ife Achewa timati "ndavomera" ngakhale pamene tikutanthauza kuti "ndamva" kapena "sindikutsutsana nanu akuluakulu". Kukhoti liwu limeneli limatseka chitseko: mboni siziitanidwanso, boma silifunikanso kutsimikiza kanthu, chotsala ndi chilango.

Mlandu umene mwana wanu angaimbidwe ndi wa pa gawo 328 la malamulo a milandu ndi zilango, wolandira katundu wobedwa. Kuti munthu apezeke wolakwa, sikokwanira kuti katunduyo ngobedwa ndipo ali m'manja mwake. Boma liyenera kuonetsa kuti ankadziwa, kapena anali ndi chifukwa chokhulupirira, kuti ngobedwa. Pamenepo ndi pamene pagona mlandu wonse. Khoti lidzafunsa: foniyo mtengo wake weniweni ndi wotani? Ngati ndi ya K120,000 ndipo iye adapereka K90,000 masana, anzake a pa siteji akuona, nkhani ndi ina. Ngati ndi ya K900,000 ndipo adaigula usiku kuseri kwa bala, yopanda bokosi, zithunzi za mwini wake zikadali momwemo, nkhani ndi inanso. Ndiye m'malo mofunafuna wogula makina, funani anzake amene adaona malondawo. Ngati ndalama zina zidadutsa pa Airtel Money kapena Mpamba, sungani uthengawo, chifukwa uli ndi tsiku ndi nambala ya wolandira. Inuyo amene mudawonjezera ndalama ndinu mboni.

Mlandu umenewu si wa faindi yaing'ono monga amunamizira. Chilango chake chikhoza kufika zaka 14, ngakhale kuti wolakwa koyamba pa foni imodzi sapatsidwa zochuluka chotero. Ndipo amene wamulonjeza faindiyo si amene adzapereke chilango. Wopereka chilango ndi woweruza yekha, amene lonjezo la m'chitokosi sadalimve ndipo silimumanga. Palinso china chimene anyamata saganizira: wopezeka wolakwa dzina lake limalembedwa. Mawa akadzafuna ntchito ya ulonda, yoyendetsa galimoto ya kampani, kapena ulendo wa kunja kumene amafuna kalata ya ku polisi yosonyeza mbiri yake, lidzatuluka. Akulu adati mlandu suwola.

Ndimakumbukira woweruza wina, mayi wodekha, amene munthu akati "ndikuvomera" ankaika cholembera pansi n'kundiuza kuti ndimufunse mbali iliyonse payokha. Katunduyu adali nanu? Inde. Mumadziwa kuti ngobedwa? Ayi bwana, ndidagula. Pomwepo ankalemba kuti munthuyo waukana mlandu. Ndi mmene lamulo likufunira, chifukwa khoti liyenera kukhutira kuti wovomerayo akumvetsa chimene akuvomera ndi zotsatira zake. Koma tsiku limene pali milandu makumi atatu ndipo galimoto ya kundende ikudikira panja, si nthawi zonse pamene cholembera chimaikidwa pansi. Mwana wanu adziyankhulire yekha momveka: "Foni ndidagula, sindinkadziwa kuti njobedwa, mlanduwu ndikuukana."

Musandimve molakwa, Mayi. Sindikuti aliyense azikana. Mukhale naye pansi mumufunse, akuyang'aneni m'maso. Ngati ankadziwa, kuvomera msanga ndi kwabwino, ndipo makhoti amachepetsa chilango kwa munthu amene sadawatayitse nthawi. Chimene ndikukana ndi chakuti munthu avomere chimene sadachite chifukwa cha njala ndi nsikidzi za m'chitokosi.

Za sitetimenti ya ku polisi, mwina walemba kale. Ngati sanalembe, adziwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo palibe wololedwa kumukakamiza kuulula. Akasankha kuyankhula, amuwerengere zonse m'chiyankhulo chimene amamva asanasaine kapena kudinda chala. Ndikunena izi motsindika chifukwa lamulo lathu la kayendetsedwe ka milandu, pa gawo 176, limalola kuti sitetimenti youlula ilandiridwe ngati umboni ngakhale mwini wake akunena kuti adachita kumukakamiza. Khoti limadzaiyeza pambuyo pake ngati ili yoona. Ine gawo limeneli silindisangalatsa, ndipo sindidzasiya kunena kuti likufunika kukonzedwa, koma ndi mmene zilili, ndiye chala chisamafulumire pa inki. Ngati wamenyedwa, auze woweruza tsiku loyamba, aonetse mabala, apemphe kupita kuchipatala. Madandaulo okhudza apolisi amapitanso ku Independent Complaints Commission, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la apolisi la 2010.

Mantha a rimandi sindikuwapeputsa. Mu 2009, pa mlandu umene mkaidi Gable Masangano adasumira boma, Khoti Lalikulu lidagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zosayenera munthu, ndipo aliyense amene adakaonako m'bale wake akudziwa kuti vutoli silidathe. Koma rimandi ili ndi malire. Kuyambira 2010, pa milandu yozengedwa ndi majisitireti, munthu sayenera kusungidwa masiku oposa 30 mlandu wake usanayambe, ndipo boma likafuna kuwonjezera liyenera kupempha khoti, osapitirira masiku ena 30. Kabuku kaja ntchito yake ndi imeneyi.

Zotsatira zake zimayenda motere. Akaukana, boma limabweretsa mboni zake, ndipo m'makhoti a majisitireti woimira boma kawirikawiri amakhala wapolisi. Mboni iliyonse ikatha, mwana wanu adzapatsidwa mpata woifunsa mafunso. Apa ambiri amayamba kufotokoza mbali yawo, woweruza n'kuwadula. Nthawi imeneyo ndi ya mafunso okha: "Kodi mudandiona ndikulowa m'nyumba mwanu? Wogulitsa uja ndidakupatsani dzina lake, mudamufunafuna?" Boma likatseka, khoti limaona ngati pali mlandu woti ayankhe. Ngati palibe, amamasulidwa pomwepo. Ngati ulipo, ndi pamene iye ndi mboni zake amayankhula. Zikavuta n'kupezeka wolakwa, asanapatsidwe chilango adzafunsidwa ngati ali ndi chodandaula. Asati "ndilibe mawu". Anene kuti ndi koyamba, ndi wamng'ono, foni idabwezedwa kwa mwini wake, amathandiza mayi wamasiye. Lamulo limafuna kuti wolakwa koyamba asathamangitsidwire kundende popanda chifukwa chomveka, ndipo pali chilango choimikidwa kapena ntchito yothandiza anthu, monga kusesa pa chipatala, akugona kwawo. Wosakhutira ndi chigamulo adziwitse khoti pasanathe masiku 10 kuti akuchita apilo ku Khoti Lalikulu.

Mawa m'mawa, musanapite ndi chakudya, dzerani ku ofesi ya Legal Aid Bureau. Ndi ya boma, ntchito yake ndi kuthandiza amene sangakwanitse kulipira loya.

*

Bambo,

Amuna anga ali pa rimandi chaka chachitatu tsopano. Kumudzi kwathu kudagwidwa munthu akuba chimanga m'munda, anthu adamumenya, adakafera kuchipatala. Apolisi adatenga amuna anayi, anga ali pomwepo, ngakhale iwo akuti adafika zonse zitatha. Adapita kukhoti kamodzi kokha, adauzidwa kuti mlanduwu ndi wa ku Khoti Lalikulu, kuyambira pamenepo zii. Akuluakulu akumudzi akuti mlandu wakupha ulibe belo. Ana atatu ndikulera ndekha. Kodi ndingodikira?

Mayi wa ku Thyolo

Mayi, pepani kwambiri. Musadikire, mwadikira kale mopitirira.

Akuluakuluwo akunena zimene zinkamveka kale, koma si mmene lamulo lilili. Choona ndi chakuti apolisi ndi majisitireti alibe mphamvu yopereka belo pa mlandu wakupha. Mphamvuyo ili ndi Khoti Lalikulu. N'chifukwa chake majisitireti uja adangowauza kuti nkhaniyi si yake. Koma Khoti Lalikulu limapereka. Mu 2005, pa mlandu wa Fadweck Mvahe, khoti la Supreme, lomwe ndi lalikulu kuposa makhoti onse, lidanena momveka kuti ufulu wa belo ndi wa womangidwa aliyense, pa mlandu uliwonse, ndipo ndi boma limene liyenera kuonetsa chifukwa chomusungirabe munthu. Si womangidwayo amene ayenera kutsimikiza kuti ngoyenera kutuluka.

Pa milandu ikuluikulu monga kupha, kugwiririra ndi kuba moopseza, malire osungira munthu mlandu usanayambe ndi masiku 90, ndipo kuwonjezera kwake sikupitirira masiku 30. Amuna anu adutsa pamenepo kambirimbiri. Chimene chimachitika ndi chakuti fayilo imayenera kuchoka ku polisi kupita ku ofesi ya mkulu woimira boma pa milandu, lipoti la dokotala amene adapima mtembo liyenera kukhalamo, mboni zipezeke, ndipo pena paliponse pa njira imeneyi fayilo ikhoza kugona. Munthu amene alibe womulondolera amaiwalika. Ndidaonapo bambo wina akubwera kukhoti tsitsi litayamba imvi, mboni zonse zitasamuka kapena kumwalira, mlandu n'kuthera pomwepo m'mphindi zochepa. Zaka zake palibe adamubwezera.

Pempho la belo ku Khoti Lalikulu limalembedwa, ndiye apa loya akufunika. Pitani ku Legal Aid Bureau ndi zinthu izi: tsiku limene adamangidwa, polisi imene idawagwira, khoti limene adaonekerako ndi nambala ya mlandu ngati ilipo, ndi ndende imene ali. Mukapita kukawaona, auzeni afunse ma paralegal, alangizi a zamalamulo osakhala maloya, amene amayendera ndende. A bungwe la PASI (Paralegal Advisory Service Institute) akhala akugwira ntchito imeneyi kuyambira 2000, ndipo ku Blantyre kulinso a CHREAA, bungwe loona za ufulu wa anthu. Iwowa ndi amene amalemba mayina a anthu okhalitsa pa rimandi n'kuwapereka kwa oweruza akabwera kudzamva nkhani m'ndende momwemo. Akazi a amuna atatu enawo muwapeze, muyende limodzi, ndipo pemphani a mfumu kalata yonena kuti amuna anu ndi a m'mudzimo, ali ndi munda ndi banja. Pezaninso abale awiri okonzeka kuwaimira.

Belo si kutha kwa mlandu, Mayi. Munthu adafa, nayenso ali ndi abale ake amene akufuna chilungamo, ndipo amuna anu adzayenera kukayankha. Koma akhoza kudikira tsikulo akulima ndi kulera ana awo.

*

Bambo,

Ndidakongola K400,000 kwa mnzanga kuti ndigule soya wogulitsa. Mitengo idagwa, ndabweza K150,000 yokha. Sabata yatha adanditengera ku polisi, ndidagona masiku awiri mpaka akazi anga adasaina kuti tibweza mwezi uno. Akuti ndikalephera andimanganso. Zoona?

Mnyamata wa geni, Kasungu

Achimwene, ngongole si mlandu wa polisi. Gawo 19 la Malamulo aakulu a dziko lino likuletsa kutsekera munthu chifukwa chakuti walephera kukwaniritsa pangano ngati limeneli. Njira ya mnzanuyo ndi kukasuma kukhoti, inu mulandire samani, woweruza amve mbali zonse n'kugamula kabwezedwe kake. Mukanyozera chigamulocho, akhoza kukulandani katundu kudzera kwa a sherifu, amene amakwaniritsa zigamulo za khoti. Chitokosi si malo otolerera ngongole.

Pali malire amodzi oti muwadziwe. Mukadatenga ndalamazo monama, mwachitsanzo kunena kuti muli ndi matumba a soya m'nyumba pamene mulibe, umenewo ukadakhala mlandu wopeza ndalama mwachinyengo, ndipo apolisi akadalowererapo moyenera. Malinga ndi mmene mwafotokozera, soya mudaguladi ndipo mwayamba kubweza, ndiye sungani malisiti a kumene mudagula ndi umboni wa K150,000 ija. Zikachitikanso, pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo, mufunse kuti mlandu umene mwamangidwira ndi uti ndipo mupita liti kukhoti. Za masiku awiri aja mukhoza kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu, kapena ku Independent Complaints Commission.

Koma ndalama za mnzanuyo mubweze, nayenso adazipeza movutikira. Muitaneni pamaso pa a mfumu kapena munthu wina amene nonse mumamulemekeza, mugwirizane ndalama imene mungakwanitsedi pa mwezi, osati imene akazi anu adasainira ali ndi mantha. Mulembe mapepala awiri, lina lake lina lanu, ndipo nthawi iliyonse mukapereka azisaina.